Liwu la Starboard: Tanthauzo Lake ndi Chiyambi Chake

Wophunzira akakumana ndi liwu la Chingerezi lakuti *starboard*, msangamsanga amaliduladula pawiri: *star*, nyenyezi, ndi *board*, thabwa. Kenaka amaganiza kuti liwuli likunena za amalinyero oyenda motsata nyenyezi. Koma nyenyezi mulibemo m'liwuli.

*Starboard* ndi mbali ya kumanja ya chombo, munthu akayang'ana kutsogolo kumene chombocho chikulowera. Liwuli lidachokera ku Chingerezi chakale, *steorbord*. Apa *steor* ndi kuwongolera, ndipo *bord* ndi mbali ya chombo. Liwuli likupezeka kale m'nkhani ya ulendo wa Ohthere, mmalinyero wa ku Norway, imene idalembedwa m'nthawi ya Mfumu Alfred, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 800. Zombo za masiku amenewo zidalibe chiwongolero chapakati kumbuyo. Ankaziwongolera ndi nkhafi yaikulu yomangirira kumbali ya kumanja, popeza anthu ambiri amagwira ntchito ndi dzanja lamanja. Mbaliyo idatenga dzina la ntchito yake.

Mbali ya kumanzere inkatchedwa *bæcbord*, mbali ya kumsana, chifukwa wowongolera ankaifulatira. Pambuyo pake Angerezi adayamba kunena kuti *larboard*. Koma pakati pa mphepo ndi mafunde, *larboard* ndi *starboard* ankamveka mofanana, ndipo mmalinyero akamva molakwa chombo chikadatha kugunda mwala. Motero mu 1844 gulu lankhondo lapamadzi la Britain lidalamula kuti mbaliyi izitchedwa *port*, liwu limene limatanthauzanso doko.

Mbiriyi ikukhudzanso Chipwitikizi chimene mudzaphunzitse. *Estibordo* ndi *bombordo* ndi mphukira za mizu yomweyi ya kumpoto kwa Ulaya. Mawu apamadzi amayenda ndi zombo: nafenso liwu lathu lakuti malinyero tidalibwereka ku *marinheiro*.

Nanga amalinyero amalekeranji kungonena kuti kumanja ndi kumanzere? Munthu akatembenuka, kumanja kwake kumasintha, koma mbali ya chombo sisintha. Ngakhale usiku, nyali yobiriwira imayaka ku *starboard*, yofiira ku *port*, kuti zombo zina zidziwe kumene chinzawo chikulowera.

Choncho mphunzitsi womasulira *starboard* kapena *estibordo* kuti "kumanja" basi, wapereka theka la tanthauzo. Yambani ndi chilankhulo chimene ana adayamwira. Jambulani bwato pansi, mwana mmodzi aime m'katimo atagwira ndodo ngati nkhafi kudzanja lamanja. Atembenuke kuyang'ana kumbuyo, ndipo mufunse anzake kuti: kumanja kwa mwanayu kuli kuti tsopano? Nanga kumanja kwa bwato? Akayankha bwino m'Chinyanja, pamenepo mpomwe mungalembe liwu lachilendolo pa bolodi.