Olalikira a kunthambi akusowa sukulu yowatsatira kumudzi

Lamulungu likakwana, matchalitchi ambiri a m'maboma a Machinga ndi Balaka amatsegulidwa popanda wansembe kapena mbusa. Parishi ngati Utale, Ulongwe, Mpiri kapena Nsanama imakhala ndi nthambi zambiri zotalikirana, ndipo wansembe sangafike konseko tsiku limodzi. Ku CCAP nakonso mbusa mmodzi amayang'anira mpingo waukulu pamodzi ndi nyumba zake zamapemphero. Choncho amene amaima kutsogolo, kuwerenga Mawu ndi kuwatanthauzira, ndi katekisiti, mkulu wa mpingo, mtsogoleri wa limana kapena mayi wa Mvano. Ndiye amenenso amalalikira pamaliro, pomwe pamasonkhana anthu ambiri kuposa a m'tchalitchi, Akhristu ndi Asilamu pamphasa imodzi.

Ambiri mwa anthu amenewa anaphunzira za Mulungu m'kalasi ya ubatizo, ena anapitako kumaphunziro a sabata imodzi kapena ziwiri atangosankhidwa, basi. Zaka zimapita akugwira ntchito ndi zomwezo. Baibulo lawo ndi long'ambika chikuto, lomangidwa ndi mphira, m'kati muli timapepala ta mavesi tolembedwa ndi bolopeni yofiira. Loweruka madzulo, atachoka kudimba, amaliwerenga ndi tochi ya foni kukonzekera ulaliki wa mawa. Khama ali nalo. Chimene alibe ndi munthu woti amufunse pamene ndime yawavuta.

Ndipo mafunso amene amakumana nawo si a ana. Namondwe wa Freddy atawononga chigawo chakummwera mu Marichi 2023, ndiponso chilala cha 2024 chitapsereza chimanga, anthu anafunsa ngati chimenechi chinali chilango cha Mulungu. Gogo wina akamunamizira ufiti, nkhani imayamba kufika kwa mkulu wa mpingo isanafike kupolisi. Mwana wa Mkhristu akafuna kukwatirana ndi Msilamu, zomwe si zachilendo ku Machinga kumene Asilamu ndiwo ambiri, makolo amathamangira kwa katekisiti. Pali nkhani ya jando ndi nsondo. Pali mtsikana wa zaka 15 amene makolo akufuna kumukwatitsa, chonsecho kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Palinso aneneri a pa wailesi ndi pa WhatsApp olonjeza chuma kwa wopereka mbewu ya ndalama. Munthu wongoloweza mavesi, wosadziwa kuti kalata ya Paulo inalembedwera ndani ndipo pa vuto lanji, amagonja msanga pamaso pa zonsezi, kapena amayankha ndi ukali wokha.

Chomvetsa chisoni n'chakuti dera limeneli si losauka pa za maphunziro a zaumulungu. Balaka, yomwe inapatulidwa ku Machinga n'kukhala boma palokha mu 1998, ndi kwawo kwa Montfort Media, kumene kumasindikizidwa mabuku achipembedzo, magazini ya The Lamp ndi nyuzipepala ya Chichewa ya Mkwaso. Wailesi ya kanema ya Luntha inabadwira komweko. M'tauni yomweyo muli sukulu imene zipani zingapo za ansembe zimaphunzitsirako anyamata awo. Radio Maria imaulutsa kuchokera ku Mangochi. Ukachoka ku Liwonde kulowera ku Zomba umadutsa ku Malosa, kumene kuli likulu la dayosizi ya Upper Shire ya mpingo wa Anglican, ndi malo a Chilema amene Anglican ndi Sinodi ya Blantyre ya CCAP anakhazikitsa limodzi m'zaka za m'ma 1960 kuti aziphunzitsirako akhristu wamba. Ku Zomba kwenikweniko kuli sukulu yomwe inatsegulidwa mu 1977 ndi dzina la Zomba Theological College, seminale yaikulu ya St Peter's, ndi koleji ya Leonard Kamungu ya Anglican.

Koma zitseko zambiri mwa izi zinapangidwira mnyamata wa satifiketi ya MSCE, wodziwa Chingerezi, wokonzekera kudzozedwa. Bambo wa ana asanu wa ku Nayuchi, kumalire ndi Mozambique, sangasiye munda ndi banja zaka zitatu. Ngakhale maphunziro a sabata imodzi ku Malosa amafuna ndalama ya kabaza, ya minibasi ndi ya chakudya, ndipo mbale ya chopereka ya kunthambi kwake siingakwanitse.

Vuto lomweli analiona a mpingo wa Presbyterian ku Guatemala mu 1963. Anapeza kuti atsogoleri enieni a mipingo ya kumidzi sanali kufika ku seminale, ndiye anatembenuza zinthu: mphunzitsi ndiye azipita kwa ophunzira. Munthu amawerenga phunziro kunyumba, amakumana ndi anzake pamodzi ndi wowatsogolera kukambirana zomwe awerenga, kenako amakazigwiritsa ntchito mumpingo wake sabata yomweyo. Njira imeneyi inafika kuno mu 1978 pamene mipingo ingapo inakhazikitsa bungwe la Theological Education by Extension in Malawi, lodziwika kuti TEEM, lomwe likulu lake lili ku Zomba. Ubwino wake ndi woti wophunzira sazulidwa pakati pa anthu ake. Funso limene lamutsamwitsa pamaliro Lachiwiri amabwera nalo pagulu Loweruka likadali lotentha.

Akatolika nawo ali ndi maziko ake kale. Maepiskopi a chigawo cha AMECEA anagwirizana mu 1973 ndi mu 1976 kuti moyo wa mpingo uzikhazikika m'timagulu ta mabanja oyandikana, timene kuno timati malimana kapena miphakati, ndipo Episkopi Patrick Kalilombe wa ku Lilongwe anali mmodzi mwa amene anailimbikira kwambiri mfundoyi. Limana linayenera kukhala malo owerengera Baibulo pamodzi. Lero m'malo ambiri nthawi yake imathera pa kuwerengetsa zopereka, za mtulo ndi za ndani akasese kutchalitchi, Mawu n'kungowerengedwa mothamanga koyambirira. Mu 2021 Papa Francisco anakweza ukatekisiti kukhala utumiki wokhazikika mu mpingo. Ulemu umenewo ndi woyenera, koma udzamveka ku Kankao ndi ku Phalula pokhapokha utabwera ndi mabuku ndi aphunzitsi.

Wina angafunse ngati kuphunzitsa anthu wamba zinthu zozama chotere kuli ndi phindu. Balaka yomweyi ili ndi yankho. Kalata ya maepiskopi ya nyengo ya Lenti, yotchedwa Living Our Faith, inasindikizidwa kumeneko, n'kuwerengedwa m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse pa 8 Marichi 1992. Inakamba za malipiro osakwanira, za sukulu ndi zipatala, za anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ndipo zonsezo inazimanga pa chiphunzitso chakuti munthu analengedwa m'chifaniziro cha Mulungu. Boma linaitcha youkira, maepiskopi anafunsidwa ndi apolisi, nyumba yosindikizira ya ku Balaka inatenthedwa, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera ndale za zipani zambiri. Kalatayo inagwedeza dziko chifukwa inatuluka m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, osati m'Chingerezi mokha, ndipo anthu a m'midzi anaimva n'kuikambirana okha. Zaumulungu zikafika m'chinenero cha munthu, amazigwira ndi manja awiri.

Nkhani ya chinenero ikadali yaikulu. Baibulo la Chichewa tili nalo m'matembenuzidwe angapo: Buku Lopatulika la 1922, Malembo Oyera la Akatolika la 1966, ndi Buku Loyera la 1998 limene mipingo inamasulira mogwirizana. Baibulo lonse la Chiyao, Buku Jeswela, linatuluka mu 2014. Koma mabuku othandiza kulimvetsa Baibulolo, ofotokoza mbiri ya Israele, chiyambi cha Mauthenga Abwino anayi, kapena chimene Asilamu amakhulupiriradi, ambiri ali m'Chingerezi ndipo mtengo wake ndi wa m'tauni. Mlaliki wa ku Ntaja amene anansi ake amapita kumzikiti Lachisanu ayenera kudziwa za Chisilamu kuchokera m'buku loona, osati m'mphekesera za pamsika, chifukwa mawu amodzi olakwika pamaliro angathe kudanitsa mudzi wonse.

Zofunika kuchita si zodula kwenikweni. Miyezi ya Juni mpaka Seputembala, anthu atakolola ndipo misewu ikudutsika, ndiyo nthawi yoti parishi kapena presibitale itumize mphunzitsi kunthambi masiku awiri pa mwezi, m'malo moitanira aliyense kulikulu. Mabuku khumi m'bokosi lachitsulo, oyendayenda pakati pa nthambi zinayi, akhoza kusintha ulaliki wa chaka chonse. Amayi a Mvano, a Mothers' Union ndi a bungwe la Amayi Achikatolika, amene ndiwo amayendera odwala ndi kulangiza atsikana, asamaitanidwe kudzaphikira ophunzira okha ayi, akhale nawo m'kalasimo. Ndipo komiti ya mpingo ikamakonza ndondomeko ya chuma cha chaka, pambali pa malata, simenti ndi zokuzira mawu, ilembepo mzere wa ndalama ya maphunziro a amene amalalikira.