Sitiroko: mankhwala alipo, koma sadikira

Munthu akapindika kamwa mwadzidzidzi, dzanja limodzi n'kulefuka, mawu n'kumatuluka osamveka, ambiri timayamba tamugoneka kuti apume, ena n'kuthamangira kwa sing'anga poganiza kuti walodzedwa. Izi ndi zizindikiro za sitiroko, ndipo nthawi imene timataya pamenepo ndiyo imasankha ngati wodwalayo adzayendenso kapena ayi.

Sitiroko zambiri zimayamba magazi akaundana n'kutseka mtsempha wopita ku ubongo. Zimakhala ngati munda wa chimanga pa ng'amba: pakati pauma kale, koma m'mbali chimanga changofota, ndipo madzi akafika msanga chidzuka. Ubongo nawo uli ndi mbali yofota yotereyi, ndipo ndi imene madokotala amalimbirana kuipulumutsa. Wofufuza wina wa ku America, Jeffrey Saver, anawerengera mu 2006 kuti mtsempha waukulu ukatsekeka, maselo a ubongo pafupifupi 1.9 miliyoni amafa pa mphindi iliyonse.

Mankhwala osungunula magazi oundanawo, otchedwa alteplase, amaperekedwa kudzera mu dripi. Kafukufuku wa mu 1995 anaonetsa kuti olandira mankhwalawa pasanathe maola 3 ankakhala ndi mwayi wokulirapo wochira opanda chilema chachikulu pakatha miyezi itatu. Mu 2008 kafukufuku wa ku Ulaya anakankhira malirewo pa maola 4 ndi theka. Musamve ngati muli ndi maola onsewo oti mucheze: wofika m'ola loyamba amapindula kuposa wofika m'ola lachinayi.

Sikuti aliyense amapatsidwa. Sitiroko ina imabwera mtsempha ukaphulika, ndipo wotere mankhwalawa angamuphe. Ngakhale mwa oyenera, pafupifupi 6 pa 100 alionse mu kafukufuku wa 1995 uja anatuluka magazi mu ubongo. N'chifukwa chake dokotala amayamba wajambula mutu ndi makina a CT scan, n'kuyeza BP ndi shuga. N'chifukwa chakenso simuyenera kumwetsa wodwala asipirini kunyumba, ngakhale madzi kapena phala, poti angatsamwe.

Kuno kudera la Tlaseng, imbani 112 pa foni ya m'manja kapena 10177, ndipo nenani mawu akuti "stroke" poyambirira penipeni. Makina ojambula mutu sapezeka ku kiliniki yaing'ono. Chipatala chachikulu cha boma ku Rustenburg ndi Job Shimankana Tabane. Yang'anani nthawi imene munamuona komaliza ali bwinobwino, muilembe ngakhale padzanja. Dokotala adzafunsa zimenezo asanafunse china chilichonse. Tengani mankhwala onse amene wodwalayo amamwa, makamaka ochepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin.

Tikudziwa chimene chimazengereza ambiri: mapepala. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko la South Africa a mu 1996 limati munthu aliyense asakanizidwe thandizo la chipatala la mwadzidzidzi. Lamuloli silinena za nzika zokha. Permit yatha kapena mulibe, pitani.

Ngati maola aja adutsa, kapena zizindikiro zazimiririka zokha pakapita mphindi zochepa, pitanibe tsiku lomwelo, chifukwa sitiroko yaikulu ikhoza kutsatira. Wotuluka m'chipatala ayambe mafizo msanga, poti ubongo umaphunziranso kwambiri m'miyezi itatu yoyamba, ndipo mankhwala a BP asawasiye ngakhale akumva bwino.