Kalulu Akamakana Udzu, Yang'anani Mano

 Nkhani yathu lero ndi ya kalulu wa pakhomo, uja ana amakonda kumunyamula ndi kumutcha dzina. Ambiri amadandaula kuti kalulu wawo wayamba matama: madeya akudya, kholowa akudya, koma udzu wouma angoununkhiza n'kuusiya. Poti m'nthano zathu Kalulu ndi wochenjera, timafulumira kunena kuti akusankha dala. Kaŵirikaŵiri sichoncho. Kanyamako kakumva kuŵaŵa m'kamwa.

Kalulu ali ndi mano 28. Akutsogolo alipo 6: aŵiri m'munsi, aŵiri m'mwamba, ndi ena aŵiri ang'onoang'ono obisala kuseri kwa am'mwambawo. Otsala 22 ali m'kati, ndipo ndiwo otafunira. Mano athu anthufe akakula amalekeza pomwepo, koma a kalulu amakulabe mpaka tsiku la imfa yake. Akutsogolo amatalika pafupifupi mamilimita 2 pa sabata, ndiye kuti masentimita 10 pa chaka. Chimene chimaŵafupikitsa ndi kutafuna. Podya udzu, kalulu amayendetsa nsagwada cham'mbali, uku ndi uku, monga achitira mayi popera pamphero, ndipo mano amaperesana n'kukhala ofanana. Madeya safuna ntchito yonseyi. Angofinya pang'ono, wameza. Kalulu wokhuta madeya tsiku ndi tsiku mano ake amakula popanda choŵaperesa.

Tsono mano otafunira aja akatalika amatuluka nsonga zakuthwa. Nsonga za mano am'munsi zimaloza m'kati n'kumacheka lilime. Za am'mwamba zimaloza kunja n'kumabaya tsaya. Apa ndi pamene vuto limadzikulitsa lokha. Udzu ndiwo ufuna kutafuna kwambiri, choncho ndiwo woyamba kusiyidwa. Ukasiyidwa, mano apitirira kutalika. Akatalika, ululu uwonjezeka. Mwini wake poona kuti chiŵeto chikukonda madeya, amaonjezera madeyawo mwa chifundo, osadziŵa kuti akukolezera moto. Madeya a chimanga alinso ndi vuto lina: muli kashiamu wochepa, chonsecho ndiye amalimbitsa fupa la nsagwada mmene mano azikika.

Kodi mungadziŵe bwanji? Mano akutsogolo ndi osavuta: kwezani mlomo pang'ono, muona ngati apotoka kapena atalika ngati nyanga. Koma am'kati simungaŵaone ndi maso, pakuti kamwa la kalulu ndi lopapatiza ndi lalitali. Mano akutsogolo angakhale okongola pamene lilime lili zilonda zokhazokha. Choncho penyetsetsani zina. Kalulu amabwera ku chakudya ndi njala, natola udzu, kenaka n'kuugwetsa. Ubweya wa pachibwano ndi wa pamiyendo yakutsogolo umanyoŵa ndi dovu. Diso limodzi limatuluka misozi kapena manthongo, chifukwa kanjira ka misozi kamadutsa pafupi ndi mizu ya mano am'mwamba. Mukasisita m'munsi mwa nsagwada mungamve timabampu kapena chotupa cha mafinya. Ndowe zake zimachepa, zimakhala zing'onozing'ono ndi zouma, ndipo msana umayamba kumveka mafupa.

Za ndowezi ndifuna mumvetse bwino. Matumbo a kalulu amayenda chifukwa cha udzu, ndipo sayenera kukhala opanda kanthu. Kalulu amene watha maola 12 osadya chilichonse, osachitanso chimbudzi, ali pangozi ya imfa. Musadikire kuti muone maŵa. Pitani naye kwa dokotala wa ziŵeto, kapena funsani alangizi a ziŵeto a m'dera lanu. Dokotala amayang'ana m'kati ndi kachipangizo kounikira, ndipo pofuna kupala nsongazo amayamba wamugoneka kaluluyo ndi mankhwala. Chonde musadule mano nokha ndi chodulira zikhadabo. Dzino limang'aluka mpaka kumuzu, tizilombo timaloŵa, ndipo chotupa cha m'nsagwada mwa kalulu n'chovuta kwambiri kuchiza.

Sindikunena kuti kalulu aliyense wokana udzu ndi wodwala mano. Nthaŵi zina cholakwa chili pa udzuwo. Ununkhizeni. Ngati wachita chuku, wanyoŵa ndi mkodzo, kapena wakhalitsa mpaka kuyera mbuu, kalulu ali ndi chifukwa choukanira, ndipo wachukuwo utayeni. Yesani kuchepetsa madeya pang'onopang'ono kwa masiku angapo, mukumpatsa udzu wabwino wosakaniza ndi chisoso kapena masamba ouma a mtedza. Wa mano abwino adzayamba kudya. Wodwala adzangoonda, ndipo ameneyo musamuumirize ndi njala.

Muyeso wosavuta kukumbukira ndi uwu: tsiku lililonse mulu wa udzu ukhale waukulu ngati thupi la kaluluyo, madeya akhale ongolaŵitsa. Udzu wa chilimwe umakonzedwa mvula ikamatha. Mwetani kapinga kapena udzu wina wofeŵa m'mwezi wa Epulo usanakhwime, muumitse bwino, muusunge pamalo okwera ndi opita mphepo, kuti pofika Okutobala, tchire litapsa, musathaŵire ku madeya.

Pali akalulu ena amene amabadwa ndi nsagwada zosalingana, makamaka mitundu ing'onoing'ono ya nkhope zazifupi. Oterewo mano amapotoka ngakhale adye udzu wabwino chotani, ndipo afunika kupalidwa mano kaŵirikaŵiri moyo wawo wonse. Asungeni bwino, koma musaŵalole kuswana, pakuti chilemachi chimatsata ana.