Kabokosi ka mizere itatu

Patchuthi chapitachi ndinadzipatsa ntchito imene aphunzitsi anzanga akundiseka nayo mpaka pano: kuphunzira kulemba zilembo za Chitchaina. Anandiyambitsa ndi mphwanga amene amagwira ntchito ya zomangamanga ndi Matchaina ku Lilongwe. Anabwera kumudzi ndi kope la ana a ku China, lodzaza timabokosi togawidwa panayi toti wophunzira azilembamo chilembo chimodzichimodzi.

Ndinayamba ndi chilembo 口, chotchulidwa kuti kou, kutanthauza pakamwa. Pochiona ndi kabokosi chabe. Ndinajambula mizere inayi n'kumudikira kuti andiyamikire, koma anangopukusa mutu. Mizere yake ndi itatu. Woyamba umatsika kumanzere. Wachiwiri umayenda pamwamba n'kukhota kutsikira kumanja, cholembera osachinyamula. Wachitatu umatseka pansi. Kwa iwo mzere umatha pomwe cholembera chachoka papepala, ngakhale utakhota.

Malamulo ake si ambiri. Umayamba pamwamba kupita pansi, kumanzere kupita kumanja. Mzere wopingasa umatsogola, wotsika n'kubwera pambuyo, monga pa 十, chimene ndi khumi. Limene linandisangalatsa ndi la zilembo za mpanda, monga 国, dziko: umamanga mbali zitatu, n'kulemba zam'kati, kenako n'kutseka pansi. Mbuzi zimayamba zalowa, khola n'kutsekedwa.

Poyamba ndinkati izi n'zovutitsa chabe, poti chilembo chikatha palibe angadziwe komwe unayambira. Ndinalakwitsa. M'mabuku otanthauzira mawu, chilembo chosachidziwa umachipeza powerenga mizere yake. Buku lotchuka la Kangxi, la m'chaka cha 1716, linaika zilembo m'magulu 214, ndipo m'gulu lililonse zimatsatana malinga ndi kuchuluka kwa mizere. Ukawerenga inayi pomwe pali itatu, usaka mpaka nkhuku zitalowa.

China n'chakuti munthu akamalemba mofulumira mizere imalumikizana. Ngati onse amayenda njira imodzi, zolumikizanazo zimafanana ndipo zimawerengeka. Dzanja nalonso limasunga njirayo. Zilembo zimene ndinaziloweza ndi maso okha ndinaziiwala pasanathe sabata, pomwe zimene ndinazilemba motsatira ndondomeko zimangotuluka zokha pabolodi. Ngakhale pamene boma la China linayamba kuphweketsa zilembo mu 1956, 國 ya mizere 11 n'kukhala 国 ya mizere 8, lamulo lotseka mpanda pomaliza silinasinthe. Ku Taiwan ndi ku Hong Kong akulembabe zakale zija.

Zimenezi zandichititsa manyazi pang'ono ngati mphunzitsi. Teremu ino ndakhala ndikuyang'ana manja a ana anga a Fomu 1 akamakopera notsi. Ena amayambira chilembo d pamwamba, ena pansi, wina amajambula kaye kamzere n'kumatapo mimba yake pambuyo. Akamalemba pang'onopang'ono siziwoneka, koma pamayeso, nthawi ikamatha, a ndi d ndi u zimasanduka chinthu chimodzi, ndipo wochonga sangapereke malikisi pa zimene sakuziwerenga. Zaka zonsezi ndinkangolemba ndi cholembera chofiira kuti alembe bwino, osawaonetsa poyambira. Tsopano Lachisanu lililonse timapatula mphindi khumi.

Ine ndafika pa 我, wo, kutanthauza ine. Mizere yake ndi 7, ndipo kadontho ka pamwamba kumanja, kamene kamayenera kubwera pomaliza, ndimakaiwalabe.