NYIMBO INACHUKA, ENI ACE NAIWALIKA

Lero ndifuna kukamba nanu za anyamata atatu oimba a ku America, amene gulu lao linali kuchedwa The Nerves. Ndidziwa kuti ambiri a inu simunamvepo dzina limeneli, ndipo ngakhale kwao komweko ali owerengeka amene alikumbukira. Koma nyimbo imodzi imene iwo anayamba kuimba inamveka m'maiko ambiri, yoimbidwa ndi anthu ena. Ndifuna kufotokoza m'mene zimenezi zinacitikira, pakuti kawiri kawiri tikakonda nyimbo sitifunsa kumene inacokera.

Poyamba tiyenera kudziwa nyengo imene iwo anaimbamo. Pakati pa 1970 ndi 1976 magulu ochuka a nyimbo za rock anali atakula kwambiri. Anali kuimbira m'mabwalo akulu a masewera, ndipo nyimbo imodzi nthawi zina inali kutenga mphindi 10 kapena kuposa apo. Anyamata ena a m'mizinda anatopa nazo zimenezi, nayamba kaimbidwe kena kochedwa punk, ndiko kuti nyimbo zazifupi, zaliwiro, zaphokoso ndi za mau aukali. Ku New York kunali gulu la Ramones, limene linaturutsa mbale yace yoyamba mu 1976, ndipo ku London kunali gulu la Sex Pistols.

Pambali pa punk panali kaimbidwe kena kochedwa power pop. Mau amenewa anayamba kuwanena ndi Pete Townshend wa gulu la The Who mu 1967, ndipo tanthauzo lace ndilo nyimbo zokondweretsa anthu wamba koma zoimbidwa ndi mphamvu. Oimba ace anatengera nzeru kwa The Beatles. Nyimbo zao zinali zazifupi, za cikondi, zosabvuta kuzigwira pamtima, mau a anthu awiri kapena atatu ali kupolokezana bwino, koma magitala ndi ng'oma zili kulira molimba. The Nerves anali a mtundu umenewu.

Gululi linayamba mu 1974 mu mzinda wa San Francisco, ku gombe la kumadzulo kwa America. Jack Lee anali kuliza gitala, Peter Case anali kuliza gitala wa mau akulu wochedwa besi, ndipo Paul Collins anali pa ng'oma. Onse atatu anali alendo mu mzindamo. Case anacokera kufupi ndi Buffalo, ndipo asanalowe m'gululi anali kuimba m'mphepete mwa miseu kuti odutsa amponyere makobiri. Cinthu cimene cinawasiyanitsa ndi magulu ambiri ndi ici, cakuti atatu onsewo anali opeka nyimbo, ndiponso atatu onsewo anali kutsogolera poimba, yense nyimbo yace.

Masiku amenewo gulu lofuna kuchuka linayenera kupeza kampani yaikulu ya mbale za galamafoni. Kampaniyo ndiyo inali kulipira pojambula mau, kusindikiza mbale, kuzitumiza ku masitolo, ndi kudandaulira eni nyumba za wailesi kuti aziliza. Anyamata atatuwa sanapeze kampani yotere. Koma akulu anati, mbewa ya manyazi inafera kuuna. Cotero mu 1976 anajambula okha kambale kakang'ono ka nyimbo 4, nalipira ndi ndalama zao. Lee anapeka ziwiri, Case imodzi, Collins imodzi. Nyimbo yoyamba pa kambaleko inali ya Lee, dzina lace "Hanging on the Telephone", yonena za munthu amene ali kudikira pa lamya kuti wokondedwa wace amyankhe. Utali wace unali ngati mphindi 2 zokha. Greg Shaw, mwini wa kampani yaing'ono ya Bomp!, anathandiza kufalitsa kambaleko.

Pofika 1977 anali atasamukira ku Los Angeles, kumene kuli makampani ambiri a nyimbo. Kumenekonso anapeza zitseko zili zotseka, pakuti eni nyumba zoimbiramo sanafune gulu losadziwika loimba nyimbo zacezace. Tsono anayamba kucita lendi zipinda okha, kulengeza okha, ndi kuitana magulu ena atsopano kuti aimbe nao pamodzi. Gulu la The Weirdos, limene pambuyo pace linachuka pa nyimbo za punk mu mzindamo, linali limodzi la magulu amene anayambira pa misonkhano imeneyi. Caka comweco anatenga galimoto yao, nazungulira America ndi Canada popanda kampani yowalipirira ulendo, ndipo m'malo ena anaimba potsegulira Ramones.

Nanga analephera bwanji anthu acangu cotere? Ine ndiona zifukwa zitatu. Coyamba, anagwa pakati pa magulu awiri a omvera. Okonda punk anali kubvala zong'ambika ndi kufuna mau a mkwiyo, pamene The Nerves anali kukwera pa bwalo atabvala masuti ofanana, naimba za cikondi. Eni wailesi naonso anaona kuti kambale kao kanali kosasalala, kojambulidwa ndi ndalama zocepa. Caciwiri, analibe owatumizira mbale ku masitolo a m'mizinda yonse, cotero munthu amene anawamva usiku nakondwa sanathe kupeza mbale yao m'mawa mwace. Cacitatu, kukhala ndi opeka nyimbo atatu m'gulu limodzi kuli kwabwino pamene zinthu zili kuyenda, koma pa nthawi ya umphawi ndi kutopa kumabala makani. Mu 1978 gululi linatha.

M'caka comweco nyimbo ya Jack Lee inapeza mwai umene eni ace anausowa. Gulu la ku New York lochedwa Blondie, limene mtsogoleri wace poimba anali mai Debbie Harry, linajambula "Hanging on the Telephone", naliika poyamba peni peni pa mbale yao yochedwa Parallel Lines. Iwowa anali nayo kampani ya Chrysalis, ndiponso katswiri wojambula mau, Mike Chapman. Nyimboyo sanaisinthe kwambiri, koma inakwera kufikira nambala 5 pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa koposa ku Britain. Lee mwini wace anali kusimba kuti pamene anamuimbira lamya kupempha nyimboyo, iye anali pa umphawi wotere kuti lamya yaceyo inali pafupi kudulidwa cifukwa ca ngongole.

Pano pali cinthu cimene oimba onse ayenera kucidziwa. Nyimbo ikaimbidwa ndi gulu lina, lamulo lipatsa gawo la ndalama kwa amene anaipeka, osati kwa amene anayamba kuiliza. Cifukwa cace Lee anapindula, koma Case ndi Collins, amene anayenda nayo nyimboyo m'miseu yonse ya America, analibe gawo pa kupekako. Ndipo dzina limene anthu analisunga pamtima linali la Blondie.

Cina comvetsa cisoni cinacitika mu 1979. Gulu lina la power pop la ku Los Angeles komweko, The Knack, linaturutsa nyimbo yochedwa "My Sharona", imene inakhala pa nambala 1 ku America masabata 6. Pamenepo makampani anayamba kuthamangira magulu a mtundu umenewu. The Nerves akadapirira caka cimodzi cokha, kapena akadapeza cimene anacifuna zaka zinai.

Komatu anyamatawo sanaleke kuimba. Paul Collins anayambitsa gulu la The Beat, limene linaturutsa mbale ndi kampani ya Columbia mu 1979, ndipo cifukwa ca iwo gulu la ku Birmingham la dzina lomweli linali kuchedwa The English Beat ku America. Peter Case anayambitsa The Plimsouls, amene nyimbo yao "A Million Miles Away" inamveka m'kanema wa Valley Girl mu 1983, ndipo pambuyo pace anakhala woimba payekha zaka zambiri. Jack Lee anapitiriza kupeka. Nyimbo yace ina, "Come Back and Stay", inaimbidwa ndi Paul Young, nifika pa nambala 4 ku Britain mu 1983. Apanso anthu anadziwa woimba, osadziwa wopeka. Lee anamwalira mu May 2023 ali ndi zaka 71.

Mu 2008 kampani ya Alive inasonkhanitsa nyimbo za The Nerves, zojambulidwa ndi zina zimene zinali zisanaturuke, niziika pa mbale imodzi yochedwa One Way Ticket. Motero patapita zaka 30 ciyambire kutha kwa gululi, anthu anatha kumva bwino nchito ya anyamata atatuwa. Njira imene iwo anatsata, ya kusindikiza mbale okha ndi kukonza maulendo okha, inadzakhala njira ya magulu ang'ono ambiri a ku America m'zaka za m'ma 1980.

Potsiriza, abale anga, ndikupemphani kanthu kamodzi. Mukamva nyimbo imene yakukondweretsani, funsani amene anaipeka. Pa mbale dzina lace limalembedwa ndi zilembo zazing'ono pansi pa dzina la nyimbo, ndipo ambiri sitiliwerenga. Ndipo inu amene mupeka nyimbo, onetsetsani kuti dzina lanu lalembedwa pamenepo musanapereke nyimbo yanu kwa munthu wina, pakuti ndi zilembo zazing'onozo zimene zinapulumutsa Jack Lee pa tsiku la ngongole.