Ana a ku Stassfurt sanaiwalane

LICHINGA — Chisanu cha Juni chikatsika ku Lulimile ndi m'madera ena a mzinda uno, aliyense amathamangira moto. Koma alipo abambo ndi amayi ena amene chisanu chotere sachiwerengera, poti anakulira m'chipale chofewa ku Alemanha ya Kum'mawa.

Mu 1982 boma la Samora Machel linatumiza ana pafupifupi 900 ochokera m'zigawo zonse za Moçambique, Niassa yomwe, ku Sukulu ya Ubwenzi m'tauni ya Stassfurt. Ambiri anali a zaka 12 mpaka 14. Kumeneko anaphunzira Chijeremani ndi ntchito zamanja.

Pobwerera mu 1988 anapeza Samora atamwalira, nkhondo ili mkati. Ambiri anawatengera ku usilikali, luso lawo n'kungogona. Mu 1990 dziko limene linawapatsa masatifiketi nalonso linatha.

N'chifukwa chake anthuwa amafunanafuna. Mboni za zaka 6 zija zimene zatsala ndi mnzawo amene ankagona naye chipinda chimodzi ndi mphunzitsi amene anawalera ngati ana ake. Akapezana amalonjerana m'Chijeremani, amaonetsana zithunzi zakale, amafunsana za anzawo amene anatisiya. Ena amalemberana ndi aphunzitsi awo, ena anafika ndithu ku Stassfurt kukawaona.

Ana aja lero apyola zaka 50, aphunzitsi awo ndi nkhalamba. Amene akusunga keyala ya mnzake kapena ya mphunzitsi wake asadikire chaka chamawa.