Mmene makina a MRI amayezera liwiro la magazi mu mtima

Wothirira ndiwo ku Geisha mumzinda wa Mzuzu amadziwa kuti akaphimba kukamwa kwa paipi ndi chala, madzi amatuluka mwaliwiro. Ndi mmene zimakhalira mu mtima. Khomo limene magazi amadzera polowa mu mtsempha waukulu wa aorta likachepa, magazi amathamanga, ndipo liwiro lawo lapamwamba ndilo limaonetsa dokotala kukula kwa vuto. Mwa munthu wathanzi silifika mamita 2 pa sekondi. Likafika mamita 4, khomolo lachepa koopsa, ndipo madokotala amayamba kulingalira za opaleshoni.

Makina a MRI sagwiritsa ntchito X-ray. Amadalira maginito amphamvu ndi tizigawo ta haidrojeni ta m'madzi a m'thupi. Mphamvu ya maginito ikasinthidwa mwadongosolo, tizigawo toyenda ndi magazi timabweza chizindikiro chosiyana ndi cha minofu yongokhala, ndipo kusiyanako kumakula molingana ndi liwiro. Njirayi imatchedwa phase contrast.

Povuta ndi apa: woyendetsa makina ayenera kuikiratu malire a liwiro limene akuyembekezera. Akaika otsika, magazi othamangitsitsa amaoneka ngati akubwerera m'mbuyo. Akakweza mopitirira, chithunzi chimasokonekera. Ngakhale atalondola, MRI imaphatikiza kugunda kwa mtima kangapo n'kupereka nambala yapakatikati, choncho kawirikawiri liwiro limene imaonetsa limacheperako poyerekeza ndi lenileni. Kucheperako si nkhani yaing'ono, pakuti wodwala wofunika opaleshoni angathe kuoneka ngati angadikirebe. N'chifukwa chake madokotala amayamba ndi echo, kuunika mtima ndi mafunde a mawu, kumene n'kotsika mtengo. MRI imabwera pamene echo yalephera kuonetsa bwino.

Makina oyamba a MRI m'dziko muno anafika ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008, ndipo anabwerera kafukufuku wa malungo a mu ubongo mwa ana, osati mtima.

Kuno makomo a mtima amaonongeka kwambiri ndi nthenda ya rheumatic heart disease, imene imayamba ndi zilonda zapakhosi zosachizidwa. Penisilini amaletsa zimenezi. Mwana wa ku Geisha amene akupuma mobanika, kutupa miyendo kapena kutopa msanga ayenera kuonedwa ku chipatala, ndipo ofunika akatswiri m'chigawo cha kumpoto amatumizidwa ku Mzuzu Central Hospital.